Bambo amene anabweza anyamata kunyumba



Mwezi uno ndikamachokera ku Taraweh, njira yanga imadutsa pamphambano pomwe anyamata achitetezo cha m'dera lathu, aneba, amasonkha moto. Amakhalapo asanu kapena asanu ndi mmodzi, zibonga atazitsamiritsa kukhoma, wina wezulo ili pakhosi. Timapatsana moni, ine n'kumapita. Ndimawalemekeza, ndipo ndalama yawo ya pamwezi sindiizemba. Koma ndikangowapitirira ndimakumbuka anthu atatu omwe anaima usiku ngati iwowa, mu Ramadan ngati ino, m'dziko lakutali, ndipo sanabwerere kunyumba kukadya daku. Nkhani yawo ili ndi funso lomwe tiyenera kuliyankha zinthu zisanavute: apolisi akachepa mphamvu, ife eni dera tichite chiyani, ndipo tilekezere pati?

Unali mwezi wa Ogasiti 2011, ku England. Pa 4 Ogasiti apolisi anawombera ndi kupha Mark Duggan, bambo wazaka 29, ku Tottenham mumzinda wa London. Patapita masiku awiri, achibale ake ndi anthu ena anaguba mpaka kupolisi kukafuna mayankho. Anadikira maola ambiri osamva chogwira mtima, ndipo usiku womwewo magalimoto apolisi ndi basi zinayaka moto. Dandaulo la banja linamezedwa ndi zipolowe. M'masiku otsatira moto unafika ku Hackney, Croydon, Ealing ndi Clapham Junction, kenako n'kudumphira kumizinda ina monga Birmingham, Manchester, Liverpool ndi Nottingham. Anthu ankaswa magalasi a masitolo n'kumatuta nsapato, mafoni ndi ma TV. Sitolo ya mipando ya House of Reeves ku Croydon, yomwe banja limodzi linakhala likuiyendetsa kuyambira 1867, inapsa usiku umodzi. Usiku wa pa 8 Ogasiti m'misewu ya London munali apolisi 6,000 ndipo sanakwane. Mawa lake boma linawachulukitsa kufika 16,000.

Kuno kwathu tinali tikadali ndi mabala a pa 20 Julaye chaka chomwecho, pomwe zionetsero zinathera m'kuswa masitolo ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ndipo anthu 20 anataya miyoyo. Zithunzi za ku London sizinali zachilendo m'maso mwathu. Chachilendo chinali chakuti zikuchitika kumene tinkaganiza kuti wapolisi amafika usanamalize kuimba foni.

Apolisi atachepa, anthu anatuluka okha. Ku Dalston eni masitolo ochokera ku Turkey, pamodzi ndi anzawo Achikurdi, anandanda kutsogolo kwa malo awo ndipo anapirikitsa magulu omwe anabwera kudzaswa. Ku Southall anthu a chipembedzo cha Sikh anachezera usiku wonse pakhomo pa nyumba yawo yopempherera. Ku Whitechapel anthu otuluka mumzikiti anatchinga msewu, oswa masitolo n'kubwerera. Ndinene poyera kuti anthu amenewa sanalakwe. Munthu amene kasitolo kake ndiko sukulu fizi ya ana, lendi ndi ndiwo za tsiku, simungamuuze kuti akhale m'nyumba aziona pazenera thukuta la zaka makumi awiri likutuluka pamapewa a anthu. Kuteteza moyo, chuma ndi ulemu wa banja ndi chinthu chomwe chipembedzo chathu chimachilola, malamulo a boma amachilola, ndipo nzeru za makolo zinanena kalekale kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Tsono tiyeni ku Birmingham. M'dera la Winson Green, pamsewu wa Dudley Road, amuna ambiri a m'deralo anasonkhana kulondera masitolo ndi malo omwetsera mafuta. Ramadan inali itangotha sabata ndi masiku ochepa. Cha m'ma 1 koloko usiku, kulowa pa 10 Ogasiti, galimoto yothamanga inawomba anthu atatu mwa olonderawo: Haroon Jahan, ndi abale awiri a mimba imodzi, Shazad Ali ndi Abdul Musavir. Onse anamwalira. Bambo ake a Haroon, a Tariq Jahan, anali chapafupi. Anafotokoza pambuyo pake kuti atamva phokoso anathamangira pamalopo n'kuyamba kuthandiza munthu woyamba yemwe anamupeza atagona, osadziwa kuti ndani, mpaka wina anawauza kuti amene wagona kumbuyo kwawo ndi mwana wawo. Anayesa kumutsitsimutsa ndi manja awo, magazi ali thupi lonse, koma sizinatheke.

Kutacha, mumzindamo munali fungo la kubwezera. Mawu anali atawanda kuti m'galimotomo munali anyamata akuda, ndipo omwalirawo anali Asilamu a makolo ochokera ku Pakistan. Birmingham inali isanaiwale za mu Okutobala 2005, pomwe m'dera la Lozells anthu akuda ndi amwenye anamenyana chifukwa cha mphekesera yoti mtsikana wina wagwiriridwa, mphekesera yomwe umboni wake sunapezeke, koma inasiya maliro. Anyamata anali atadzaza msewu, mitima ili m'mwamba, ndipo ankangodikira munthu woti anene kuti tiyeni. Inu amene mukuwerenga, lingalirani bwino: chikhala kuti anapita, amene akanagwidwa pakona ndi munthu wakhungu ngati langa ndi lanu, mwina wochokera kuntchito, mwina naye ali pa swaumu.

Pa tsiku lomwelo, mwana wawo asanaikidwe m'manda, a Tariq Jahan anaima pamaso pa khamulo atanyamula chithunzi cha Haroon. Anakumbutsa anthu kuti akuda, amwenye ndi azungu onse amakhala m'dera limodzi, nafunsa chifukwa chomwe ayenera kuphana. Anati iwo ataya mwana, ndipo aliyense wofuna kutaya wake abwere kutsogolo. Ngati palibe, onse adekhe ndipo azipita kunyumba. Anyamata aja anabalalika. Usiku umenewo nkhondo yomwe anthu ankaiopa sinachitike. Pa 18 Ogasiti anthu pafupifupi 20,000, a mitundu ndi zipembedzo zosiyana, anasonkhana ku Summerfield Park pa swala ya janaza ya atatuwo.

Ine ndikaiona nkhaniyi ndimaona kulondera kuwiri. Koyamba ndi kwa ana aja, omwe anateteza masitolo kwa anthu obwera. Kwachiwiri ndi kwa bambo, omwe anateteza mzinda kwa anyamata a mbali yawo yomwe. Timakonda kutama koyambako chifukwa kumaoneka ndi maso: amuna, zibonga, usiku. Koma kwachiwiriko ndiye kovuta, ndipo dera lomwe lili ndi koyamba kokha likusewera ndi moto. Gulu la anyamata osagona, amantha, onyamula zida, omwe akungomva mphekesera pafoni, silisiyana kwenikweni ndi gulu lomwe likuswa sitolo. Zaka zawo n'zofanana, magazi awo akutentha mofanana. Chowasiyanitsa ndi cholinga ndi malire, ndipo zinthu ziwirizi zimasungunuka msanga magazi akangogwa pansi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo liyenera kukhala pamsewu pomwepo, osati kunyumba pabulangeti.

Sabata yomweyo ku Eltham, mumzinda wa London womwewo, gulu la amuna linasonkhana ponena kuti likuteteza dera, koma linathera m'kugenda apolisi ndi mabotolo, ndipo pakati pake panali anthu odziwika ndi chidani cha mitundu. Zimenezo zinali zazing'ono poyerekeza ndi zomwe zinadzachitika patapita zaka khumi, pafupi ndi kwathu kuno. Mu Julaye 2021, mtsogoleri wakale wa South Africa a Jacob Zuma atalowa m'ndende, zipolowe zinabuka ku KwaZulu-Natal ndi Gauteng. Anthu oposa 350 anamwalira, ndipo boma linatulutsa asilikali 25,000. Ambiri a ife tili ndi achibale ku Durban, a ku Mangochi, a ku Machinga, ndipo tikukumbuka mafoni a masiku amenewo: masitolo atsekedwa, buledi kulibe, usiku mfuti zokhazokha. Kumenekonso anthu anatseka misewu yolowera m'madera awo ndi miyala, matayala ndi magalimoto. M'madera ambiri zinathandiza. Koma ku Phoenix, kumpoto kwa Durban, dera lomwe mumakhala anthu ambiri a makolo ochokera ku India ndipo lazunguliridwa ndi Inanda ndi KwaMashu, anthu 36 anaphedwa, ambiri mwa iwo akuda. Opulumuka anakafotokoza pamaso pa bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikolo kuti anatsitsidwa m'magalimoto ndi kumenyedwa chifukwa cha khungu lawo, pomwe iwo amangofuna mafuta kapena njira yopita kwawo.

Sindikunena izi kuti tiloze chala mtundu wina. Mumzinda womwewo wa Durban, amwenye ambiri, Asilamu ndi ena, ndi amene anaima m'misewu kugawa buledi ndi mkaka kwa aliyense wofika. Ndipo tisadzinamize kuti ife sitingachite za ku Phoenix. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa itawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, midzi inatseka misewu ponena kuti ikudziteteza, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chakuti nkhope zawo zinali zachilendo. Ku Soweto nako, Nhlanhla Lux, yemwe anatamidwa poteteza Maponya Mall mu zipolowe za 2021, anadzakhala nkhope yodziwika ya gulu la Operation Dudula, lomwe linkasakasaka anthu obwera, kuphatikizapo Amalawi. Dzanja lomwe lazolowera kuimitsa anthu pamsewu silifuna kusiya, limangosaka wina woti limuimitse.

Malire ake ndi ati tsono? Kwa ine woyamba ndi uwu: mlonda amaima, sathamangitsa. Wakuba akathawa, ntchito ya mlonda yatheka, chifukwa sitolo ilipo ndipo anthu ali moyo. Mukayamba kumutsatira m'tinjira mpaka kudera la eni, simukulonderanso, mukusaka. Wachiwiri, mlonda amayang'ana zomwe munthu akuchita, osati nkhope, chilankhulo kapena kavalidwe kake. Munthu wonyamula chitsulo chothyolera loko pakhomo la sitolo ndi nkhani ina. Munthu woyenda usiku amene simukumudziwa ndi nkhani inanso, ndipo mwezi uno oyenda usikuwo ndife tomwe, popita kumzikiti m'bandakucha. Ndipo mukamugwira munthu, simuli oweruza. Malamulo a dziko lathu amalola munthu wamba kugwira woganiziridwa mlandu waukulu, koma amafuna kuti aperekedwe kupolisi mosachedwa. Mu fiqh yomwe timaphunzitsa ana kumadrasa mfundo ndi yomweyo: chilango chimaperekedwa ndi wolamulira kudzera mwa qadhi, pali umboni ndi mboni, osati ndi khamu pamsewu. Amene amafuula za kudula dzanja ali ndi chibonga m'manja sanawerenge mutu wonse.

Ndikudziwa chomwe ena mukufuna kundiyankha, chifukwa ophunzira anga akuluakulu anandiyankha kale. Amati: Mualimu, mukuti tipereke kupolisi, koma mawa lake timakumana naye pamsika akutiseka. Sindingawatsutse kuti sizichitika. Ndipo nkhani ya ku Birmingham siwatonthoza. Amuna asanu ndi atatu anazengedwa mlandu wopha atatu aja, ndipo mu Julaye 2012 khoti linawapeza onse osalakwa, litamva mbali yawo yoti sanachite dala. Pamlandu womwewo woweruza anadzudzula wapolisi wina wamkulu chifukwa chosanena zoona pa nkhani ya mboni. Mabanja aja anachoka kukhoti opanda munthu womangidwa chifukwa cha imfa za ana awo. Kodi ndiye kuti bambo aja analakwitsa pobweza anyamata?

Ndaliganizira funsoli kwa nthawi yaitali, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Khoti lomwe linakhala masabata ambiri, likuonera zithunzi za makamera ndi kumva mboni, silinakhutire kuti panali kupha mwadala. Nanga khamu la pamsewu, m'mawa umodzi, lopanda tulo, likanadziwa bwanji woyenera kufa? Silikanawapeza n'komwe omwe anali m'galimoto. Likanapeza oyandikana nawo, achimwene awo, kapena aliyense wofanana nawo khungu. Kenako mbali inayo ikanabwezera, ndipo ku Summerfield Park kukanabwera majeneza ena. Chilungamo chosakwanira cha khoti chimapweteka, ndipo ndi bwino kuchidandaula mokweza, kulemba makalata, kupita kwa akuluakulu apolisi, kufunsa kuti fayilo ili pati. Koma cholakwa cha khoti chimasiya munthu wamoyo yemwe mlandu wake ungadzaunikidwenso, pansi pano kapena pamaso pa Allah. Cholakwa cha khamu chimasiya phulusa ndi waya wa tayala.

Pali gawo lina la nkhaniyi lomwe anyamata salikonda chifukwa mulibe chibonga. M'mawa wa pa 9 Ogasiti 2011 anthu mazanamazana anafika ku Clapham Junction atanyamula matsache, ataitanizana pa Twitter, kudzasesa magalasi. Ku Tottenham gogo wina wazaka 89 wometa tsitsi, yemwe malo ake anaphwanyidwa, anthu osamudziwa anamusonkhera ndalama mpaka anatsegulanso. Ku Durban mu 2021 bungwe la Gift of the Givers, lomwe a Dr Imtiaz Sooliman analiyambitsa mu 1992 ndipo timalidziwa kuno pa nthawi za madzi osefukira, linali m'gulu la omwe anafikitsa chakudya kumadera omwe masitolo anatheratu. Zipolowe zikatha, amene amavutika kwambiri si mwini sitolo yaikulu, yemwe ali ndi inshuwalansi. Ndi mayi wogulitsa tomato pakhonde la sitoloyo, mlonda ndi wapatilo omwe ntchito yawathera, wodwala shuga yemwe famase yake yapsa, nkhalamba yomwe singaime pamzere maola asanu. Komiti ya mzikiti kapena ya tchalitchi yomwe imawadziwa anthu amenewa ndi mayina awo lero, kuli bata, ndi imene idzawapeze tsiku loipalo. Mndandanda womwe timagwiritsa ntchito pogawa futari ndi zakaat ndi chida chachitetezo kuposa chikwanje, bola ukhale ndi mayina a oyandikana nawo onse, osati okhawo omwe timaswali nawo.

Ndiye pali katundu. Zinthu zotengedwa m'sitolo sizikwera kumwamba, zimalowa m'nyumba zathu. Pambuyo pa 20 Julaye, m'makwalala mwathu munayenda shuga, mafuta ophikira ndi mafoni pamtengo wozizira, ndipo ogula ake ambiri anali anthu aulemu wawo omwe sanaswepo galasi. Anangosankha kusafunsa. Ku London mayi wina ataona mwana wake wamkazi pa TV ali pakati pa zipolowe, anakamunena yekha kupolisi. Sindikudziwa kuti ndi angati a ife tingalimbe mtima chotero, koma kholo lililonse lingathe kufunsa mwana kuti nsapatozi wazitenga kuti, ndi kumuperekeza kukazibweza. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Makhoti a ku England anagwira ntchito usiku wonse masiku amenewo, ndipo wophunzira wina anamangidwa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha madzi a m'mabotolo a mtengo wa £3.50. Ena anati chilangocho chinanyanya, ndipo mwina chinanyanyadi, koma inu ophunzira muone m'mene usiku umodzi wotsatira gulu ungadyere tsogolo la munthu.

Ndisamangoloza ena. Zaka zingapo zapitazo, kusanache, wezulo inalira m'dera lathu. Aneba anali atagwira mnyamata ali ndi batire ya galimoto. Pomwe ndimafika anali atam'khazika pansi, mlomo utatupa, ndipo kumbuyo kwa khamu wina anali akuitanitsa tayala. Ndinamuzindikira mnyamatayo: anadutsapo pamadrasa pathu ali wamng'ono, asanasiye. Ine, mphunzitsi wa ana a anthu amene anali pamenepo, ndinaima kumbuyo manja ali m'thumba la kanzu, ndikudziuza kuti akuluakulu alipo alankhula. Amene analankhula ndi telala wina wokalamba wa pamsika, Mkhristu, yemwe anadutsa pakati pa khamu n'kukhala pansi pafumbi pambali pa mnyamatayo. Anati aliyense wofuna kuponya china ayambe ndi iwo, ndipo anatchula mayina a anyamata atatu a kutsogolo, mmodzimmodzi, ndi mayina a amayi awo. Munthu akatchulidwa dzina pagulu amasiya kukhala khamu. Anakhala pomwepo mpaka galimoto yapolisi inafika kutayera.

Tsiku limenelo swala ya Fajr ndinaswali mutu uli wolemera. Sabata yotsatira tinakhala pansi ndi wapampando wa aneba, a mfumu a m'dera, a shehe ndi mkulu wa mpingo wapafupi. Tinagwirizana zinthu zochepa: usiku uliwonse pakhale munthu wamkulu mmodzi wodziwika yemwe foni yake sizima, nambala ya wapolisi woyang'anira chitetezo cha m'dera ikhale ndi aliyense wa aneba, ndipo wogwidwa asakhudzidwe mpaka wamkuluyo atafika. Ine ndinatenga usiku wa Lachiwiri. M'Ramadan ino andiimbirapo kamodzi, ndili pakati pa daku. Ndinathamanga phala lili pakamwa, n'kukapeza kuti wogwidwayo ndi mlendo wa kwa a neba athu enieni, wochokera ku Ntaja, yemwe anatsika basi ya usiku n'kusokoneza geti. Tinamuperekeza, ndipo eni nyumba anatipatsa tiyi tonse, ndi anyamata a zibonga omwe.